Logo ya wokazinga khofi iyesedwe pa chidindo isanapite pa chikwangwani

Funso: Ndine mayi wa ku Area 47 mu Lilongwe. Chaka chatha ndinayamba kukazinga khofi amene ndimagula kwa alimi a ku Ntchisi ndi a ku Misuku, ndipo ndimagulitsa m'mapaketi a magalamu 250 kwa anzanga a m'maofesi ndi ku malo awiri ogona alendo. Mwana wa mchemwali wanga anandipangira logo pa foni yake, momwe muli kapu yotuluka nthunzi, mapu a Malawi, dzuwa, nyanja ndi njere zitatu za khofi. Ine ndimaikonda, koma nditapita nayo kwa osindikiza kuti andipangire chikwangwani, anati ikakuzidwa sikuoneka bwino. Tsopano sitolo ina yavomera kuyika khofi wanga pa shelefu. Kodi ndikonzetse yomweyi kapena ndiyambirenso, ndipo ndiyambire pati?

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu, ndipo ndikuyamikireni kuti mwafika poti sitolo yavomera kulandira katundu wanu, pakuti si onse amene amayamba kukazinga khofi pakhomo amafika pamenepo. Yankho langa ndi lakuti muyambirenso, koma dzina la malonda anu, ngati makasitomala analizolowera kale, mulisunge. Logo imene muli nayoyo ili ndi mavuto awiri. Limene osindikiza aja anakuuzani ndi laling'ono ndipo lingathe kukonzeka tsiku limodzi, pomwe limene sanakuuzeni ndiye lalikulu, ndipo ndi limene ndichedwepo.

Vuto laling'onolo ndi la fayilo. Chithunzi chopangidwa pa foni nthawi zambiri chimasungidwa ngati JPEG kapena PNG, ndipo zithunzi zotere zimakhala timadontho tambirimbiri toyalidwa m'mizere. Pa foni timadonthoto sitioneka, koma mukachikuza kuti chikwane chikwangwani cha mamita awiri, kadontho kalikonse kamakula nawo, m'mphepete mwa zilembo n'kuyamba kuoneka ngati mano a sowo. Logo yogwirira ntchito imajambulidwa m'njira imene timaitchula kuti vector, momwe kompyuta imasunga malangizo a mzere uliwonse, kuti uyambire apa, ukhote motere, uthere apo, kotero kuti kaya muichepetse ngati batani la malaya kaya muikuze ngati khoma la nyumba, mizere yake imakhalabe yakuthwa. Mapulogalamu a ntchitoyi ndi monga Adobe Illustrator, CorelDRAW imene mungaipeze kwa osindikiza ambiri m'tauni muno, ndi Inkscape imene ndi yaulere, ndipo mafayilo ake amakhala SVG, EPS, AI kapena PDF. Munthu wodziwa angathe kujambulanso logo ya mwana wanuyo mwanjira imeneyi, koma vuto lachiwiri likhala lidakalipo.

Werengani zimene zili mu logoyo: kapu, nthunzi, mapu, dzuwa, nyanja, njere zitatu, kenako dzina. Chilichonse mwa izi ndi chabwino pachokha, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mwanayo anaziyika zonse, popeza amafuna kuti chithunzi chimodzi chinene kuti uyu ndi khofi, ndi wotentha, ndi wa ku Malawi, ndiponso kuti kwathu n'kokongola. Koma akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ntchito ya logo ndi yochepa kuposa imene anthu amaisenzetsa. Taganizirani tsiku limene kuchigayo kwadzaza, matumba oyera ofanana ali ndandanda, ndipo mayi aliyense wamanga kansalu pakamwa pa thumba lake kapena walembapo chilembo ndi makala. Kansaluko sikafotokoza kuti chimangacho chinalimidwa kuti kapena kuti chinathiridwa feteleza wanji, koma mwini wake akangoponya maso ali chapatali amadziwa kuti langa ndi ilo. Logo ndi kansalu kameneko. Nkhani ya alimi, ya mapiri ndi ya kakazingidwe ili ndi malo ake kumbuyo kwa paketi, pa Facebook ndi pakamwa panu pamene mukugulitsa, ndipo logo imangofunika kuti munthu amene anamwa khofi wanu mwezi watha aupezenso pakati pa mapaketi ena popanda kufunsa.

Musanafune wojambula, pitani kaye m'sitolo imene yakuvomeraniyo, mukaime pamene pamakhala tiyi ndi khofi kwa kanthawi ndithu. Mukaona zitini ndi mabotolo a khofi wosungunuka monga Ricoffy ndi Nescafé, mukaona masamba a tiyi monga Chombe amene mabanja ambiri anakulira, ndipo m'masitolo ambiri akuluakulu mukapezanso mapaketi a Mzuzu Coffee, amene amachokera ku mgwirizano wa makopaletivi a alimi ang'onoang'ono. Onetsetsani mitundu imene yachuluka pa shelefupo, kutalika kwa shelefu imene mwina angakupatseni, ndi mmene magetsi a m'sitolomo akuwalira. Onaninso amene akutola khofi wokazinga. Mu Lilongwe muno ogula anu ali m'magulu osiyana kwambiri. Pali munthu wa ku ofesi ku City Centre amene wayamba kumene kusiya khofi wosungunuka ndipo akufuna kuuzidwa kaphikidwe, pali mlendo amene akufuna mphatso yokapereka kwawo asanakwere ndege ku Kamuzu International Airport, ndipo pali mwini malo ogona alendo amene amagula makilogalamu angapo ndipo chimene amasamala ndi chakuti kukoma kusasinthesinthe. Onsewa mungawagulitse, koma maonekedwe a paketi ayenera kulankhula ndi mmodzi poyamba. Malinga ndi zimene mwalemba, ine ndingasankhe wa ku ofesi uja, chifukwa ndiye amene adzabwerenso mwezi uliwonse, pomwe mlendo amagula kamodzi n'kupita.

Kenako mupeze chinthu chimodzi choona chokhudza khofi wanu chimene ena pa shelefupo sanganene mofanana nanu. Mawu akuti khofi wabwino kapena khofi weniweni wa ku Malawi aliyense amawalemba. Inu muli ndi zinthu ziwiri zamphamvu m'kalata yanu: mumadziwa kumene khofi wanu amachokera, ndiponso mumakazinga pang'onopang'ono konkuno, kotero kuti amafika kwa wogula asanagone miyezi m'nyumba zosungiramo katundu. Mayina a malo ndi chuma pa malonda a khofi. Dziko la Ethiopia linalimbana kuti mayina a Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe azizindikirika ngati chuma chake, mpaka linagwirizana ndi kampani ya ku America yogulitsa khofi yotchedwa Starbucks mu 2007, ndipo alimi a ku Colombia, kudzera m'bungwe lawo, anadziwitsa khofi wawo dziko lonse pogwiritsa ntchito mlimi wongopeka wotchedwa Juan Valdez ndi nyulu yake kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Kwathu kuno Misuku ku Chitipa, Phoka ku Rumphi, Viphya, Ntchisi ndi Thyolo ndi mayina amene odziwa khofi amawalemekeza. Ngakhale mbiri ili kumbali yanu, chifukwa pamene dziko lino linkatchedwa British Central Africa Protectorate, dzina la Nyasaland lisanabwere mu 1907, chizindikiro cha pa mbendera yake chinali mtengo wa khofi, popeza m'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye anali mbewu yaikulu yogulitsa kunja, fodya ndi tiyi zisanamulande malo.

Komabe dzina la malo musalilowetse mu logo. Lero mukugula ku Ntchisi ndi ku Misuku, koma chaka chamawa mvula ikavuta mungathe kukagula kwina, ndipo logo yolembedwa Ntchisi pa khofi wa ku Thyolo ndi bodza limene wogula wodziwa sangakukhululukireni. Dzina la malo likhale pa lebulo imene imasintha malinga ndi khofi amene ali m'paketimo. Chimodzimodzinso mtundu wa mbewu. Alimi a kumpoto amalima mitundu monga Geisha ndi Catimor, ndipo dzina la Geisha linatchuka kwambiri dziko lonse kuyambira mu 2004 pamene khofi wa mtunduwu wa ku Panama anapambana pa mpikisano, koma mulilembe pokhapokha ngati amene akukugulitsani angakutsimikizireni kuti sanasakanize.

Tsopano za logo yeniyeniyo. Uphungu wanga kwa aliyense woyamba kumene ndi wakuti dzina ndilo likhale logo, lolembedwa ndi zilembo zosankhidwa mosamala, ndipo kachithunzi, ngati kalipo, kakhale kothandizira chabe. Anthu amasirira makampani amene amangoyika chithunzi popanda dzina, koma amaiwala kuti Starbucks inayamba mu 1971 ndipo inachotsa mawu pa logo yake mu 2011, patapita zaka 40 anthu akuliona dzinalo tsiku ndi tsiku. Inu mukufuna kuti munthu amene wamwa khofi wanu kwa mnzake athe kuwerenga dzina, kulikumbukira ndi kulitchula pa foni kwa mwana amene wamutuma kusitolo. Ngati dzinalo ndi lachichewa, ndipo ine ndimalimbikitsa kwambiri zimenezo, liyeseni pa anthu awiri: wakwathu amene angakuuzeni ngati lili ndi tanthauzo lina loseketsa m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, ndi mlendo amene angakuonetseni ngati likutchulika.

Pa kachithunzi, njere ya khofi ndi kapu yotuluka nthunzi muzisiye, chifukwa zili pa zikwangwani za malo omwera khofi pafupifupi kulikonse, ndipo chinthu chimene aliyense ali nacho sichingakusiyanitseni ndi wina. Yang'anani m'ntchito yanu momwe. Amene anafikapo m'munda wa khofi amadziwa mmene zipatso zake zimakhalira mothinana, timagulutimagulu, motsamira nthambi pamene patuluka masamba awiri moyang'anana, ndipo maonekedwe amenewo wojambula wabwino angathe kuwachepetsa kukhala mizere yochepa yosaiwalika. Mwina mumasankha njere zoipa pa lichero musanakazinge, ndipo lichero ndi lozungulira, lili ndi malukidwe ake, ndiponso Mmalawi aliyense amalidziwa kuti ndi chida chopatulira zabwino ndi zoipa. Mwinanso dzina la malonda anu lili ndi chithunzi kale mkati mwake. Musankhe chimodzi, ndipo chikhale choti inuyo mungafotokoze chifukwa chake m'mawu ochepa.

Pali zinthu zina zoti musazikhudze. Mbendera ya dziko ndi chizindikiro cha boma ndi zotetezedwa ndi lamulo lotchedwa Protected Flag, Emblems and Names Act, ndipo si zoti munthu angoziyika pa malonda ake mwakufuna kwake. Zilombo za Gule Wamkulu zimakopa maso a alendo, koma eni mwambo sanazipangire kuti zizigulitsa chakumwa, ndipo mu Lilongwe muno muli pakati pa eni akewo, choncho ine sindivomera kuzijambula pa paketi ngakhale kasitomala ataumirira. Maluwa a pa chitenje nawonso ali ndi amene anawajambula, kotero ngati mukufuna maonekedwe otere m'mphepete mwa lebulo, wojambula wanu apange akeake m'malo mojambula chitenje cha pamsika ndi kamera.

Wojambula akakubweretserani maganizo ake oyamba, muwapemphe ali akuda pa pepala loyera, opanda mtundu wina uliwonse, ndipo mukane kuonetsedwa zithunzi zokongola za pa kompyuta zimene logo imaoneka ili pa khoma la galasi kapena pa kapu yonyezimira, chifukwa pa zithunzi zotero chilichonse chimaoneka bwino. Yeso limene ine ndimalikhulupirira kuposa onse ndi la chidindo. Pitani kwa opanga zidindo za m'maofesi, akupangireni chidindo cha logoyo cha masentimita anayi kapena asanu, mugule inki yakuda, ndipo mudinde pa paketi yeniyeni imene mumagwiritsa ntchito. Ndachitapo zimenezi patebulo ndi makasitomala ambiri, ndipo zimene zimachitika ndi zomwezomwezo: munthu amadinda, n'kutukula dzanja, ndipo timizere topyapyala timene timaoneka bwino pa kompyuta tasowa, mpata wa mkati mwa chilembo cha a ndi cha e wadzaza inki, ndipo timawu tating'ono ta pansi pa dzina tasanduka mzere umodzi wakuda. Chimene chatsala chikuwerengeka ndicho logo yanu, ndipo zina zonsezo n'zofunika kuzichotsa kapena kuzinenepetsa. Mukatero, yimikani paketiyo pa shelefu ya kunyumba, mubwerere m'mbuyo mapazi asanu, muone ngati dzina likuwerengeka. Iyikeninso pa chithunzi cha WhatsApp, chimene chimadula chilichonse kukhala chozungulira ndi chaching'ono ngati chikhadabo. Pomaliza ganizirani wolemba zikwangwani amene tsiku lina adzaijambule pa khoma ndi burashi ndi penti, ndi telala amene adzaisoke pa epuloni. Ngati anthu awiriwa angaitengere popanda kuiwononga, ndiye kuti logoyo ndi yolimba.

Mitundu ibwere pambuyo pa zonsezi, ndipo ikhale iwiri, ikachuluka itatu. Mphamvu ya mtundu umodzi wogwiritsidwa ntchito mosasintha mumaiona tsiku lililonse m'mphepete mwa msewu: kanyumba kofiira mumadziwa muli m'minibasi kuti ndi ka Airtel Money, kobiriwira ndi ka Mpamba, musanawerenge chilembo n'chimodzi chomwe. Ambiri okazinga khofi amathamangira mtundu wa bulawuni, umene m'Chichewa timautchulanso kuti wakhofi, koma ndiye mtundu umene umachuluka pa mashelefu a khofi, ndipo paketi yotero imamira pakati pa zinzake. Zimene munaona m'sitolo muja zikuthandizeni kusankha mtundu umene palibe wina wautenga pa shelefupo. Popeza muli ndi khofi wa malo awiri, mungathe kusiya logo ili yakuda nthawi zonse, n'kupereka mtundu wake kwa khofi aliyense pa lebulo, mwachitsanzo wofiira ngati chipatso chakupsa kwa wa ku Misuku ndi wobiriwira modera kwa wa ku Ntchisi, kuti kasitomala azingonena kuti ndipatseni wofiira uja. Dzina la malo lilembedwebe moonekera, chifukwa pali anthu, makamaka abambo, amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira.

Pa kusindikiza ndipamene ndalama zambiri zimatayikira, ndiye mumvetsetse ichi. Foni ndi kompyuta zimapanga mitundu ndi kuwala, njira yotchedwa RGB, pomwe makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, njira yotchedwa CMYK, ndipo mitundu ina yowala kwambiri ya pa foni inki singaifikire. Komanso mwa inki zinayizo mulibe yoyera, chifukwa makinawo amadalira kuyera kwa pepala. Mukasindikiza pa pepala lakhaki limene okazinga khofi ambiri amalikonda, paliponse pamene pa kompyuta panali poyera padzaoneka pakhaki, ndipo mitundu yonse idzadera. Zaka zapitazo ndinakonzera mayi wina wogulitsa uchi lebulo yokhala ndi zilembo zachikasu, ndipo tinatumiza fayilo kwa osindikiza popanda kupempha kuona imodzi yoyesera. Malebulo atabwera pa pepala lakhaki, chikasucho chinali chitamira moti dzina limawerengeka pokhapokha utapendeketsa botolo pa dzuwa, ndipo mayiyo anagwira lebulo imodzi m'manja kwa nthawi yaitali osalankhula, chifukwa ndalama imene inapita pamenepo inali yoti akagulire mabotolo. Kuyambira tsiku limenelo sindilola kuti ntchito isindikizidwe yambiri ndisanagwire imodzi m'manja, pa pepala lenileni, ndipo nanunso muchite chimodzimodzi ngakhale osindikiza atakuuzani kuti nthawi yatha. Wojambula wanu asiyenso mamilimita atatu opitirira m'mphepete mwa lebulo kuti podula pasatsale mzere woyera.

Za kalembedwe ka zilembo sindichedwapo. Mitundu iwiri ndi yokwanira, umodzi wa dzina ndi mitu, wina wosavuta kuwerenga wa mawu ang'onoang'ono. Zilembo zopotanapotana zonga za pa khadi la ukwati zimavuta kuwerenga munthu ali chapatali. Onetsetsani kuti muli ndi chilolezo chogwiritsa ntchito zilembozo pa malonda, ndipo za pa Google Fonts n'zololedwa kutero kwaulere. Ngati mumalemba Malaŵi kapena mawu ena okhala ndi ŵ, yesani chilembo chimenechi musanasankhe, chifukwa si mitundu yonse ili nacho, ndipo chikasowa kompyuta imabwereka cha mtundu wina chimene chimaoneka chachilendo pakati pa zinzake.

Paketi ndiyo nkhope yeniyeni ya malonda anu, kuposa chikwangwani chimene munapitira kwa osindikiza, chifukwa ndiyo imalowa m'nyumba ya munthu n'kukhala m'khitchini mwake milungu ingapo. Pa msinkhu umene mulipo, musaitanitse mapaketi osindikizidwa kale kuchokera kunja, popeza amafuna kuti mugule ambiri nthawi imodzi, ndipo mukasintha kanthu kamodzi otsalawo amatayika. Gulani mapaketi opanda kanthu, mudindepo logo kapena mumatepo sitika, kenako muwonjezere lebulo yaing'ono ya zinthu zimene zimasintha. Paketiyo isakhale yoonekera mkati, chifukwa kuwala, mpweya ndi chinyezi zimapha fungo la khofi. Khofi wongokazingidwa kumene amatulutsa mpweya wa carbon dioxide kwa masiku angapo, ndipo n'chifukwa chake mapaketi abwino amakhala ndi kabatani kozungulira kamene kamatulutsa mpweya popanda kulowetsa wina. Wojambula adziwe pamene kabataniko kali asanayambe ntchito, kuti sitika isakakaphimbe.

Pa lebulo, tsiku limene munakazinga lilembedwe moonekera, ngakhale ndi cholembera pamanja, chifukwa ndilo umboni wa chinthu chimene mukuposa nacho khofi wochokera kutali. Palembedwenso ngati khofiyo ndi wogaya kapena wanjere, ngati ndi wokazinga pang'ono, pakatikati kapena kwambiri, kulemera kwake, tsiku loti akhale atagwiritsidwa ntchito, nambala ya gulu limene munakazingira limodzi, ndi dzina lanu la bizinesi pamodzi ndi kumene mumapezeka. A Malawi Bureau of Standards (MBS), bungwe loona za miyezo ya katundu, ali ndi malamulo a zoyenera kulembedwa pa zakudya zopakira, ndipo muwafikire lebulo isanasindikizidwe, chifukwa masitolo akuluakulu amafunsa za chiphaso chawo, ndipo chizindikiro chawo chimayikidwa pokhapokha iwo atakuvomerezani. Funsaninso sitoloyo ngati ikufuna barcode, timizere takuda tija timene makina amawerenga polipira, kuti malo ake asiyidwiretu, oyera ndi osapindika.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimapempha aliyense wokazinga khofi kuno kuti achilembe, ndipo ambiri amachiiwala. Anthu ochuluka kwathu anazolowera khofi wothira m'kapu n'kutakasa ndi supuni. Munthu wotere akagula khofi wanu wogaya n'kuchita chimodzimodzi, adzapeza zinyenyeswa zikuyandama ndi matope pansi pa kapu, ndipo adzauza anzake kuti khofi wanu ndi woipa. Choncho kumbuyo kwa paketi kukhale mawu ochepa, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, onena kuti khofi uyu sasungunuka, athiridwe m'madzi amene angophulidwa kumene pamoto, adikire mphindi zinayi, kenako asefedwe ndi sefa ya tiyi yothina kapena kansalu koyera. Mawu amenewa, ndi ulemu umene mwawalembera, ndi mbali ya maonekedwe a malonda anu mofanana ndi logo, ndipo wogula amene wathandizidwa m'chiyankhulo chake amamva kuti khofiyo anapangira iyeyo.

Posankha wojambula, muone ntchito zake zimene zinasindikizidwadi, osati za pa foni pokha, ndipo mumvetsere mafunso amene iye akufunseni asanayambe. Amene akungofunsa mtundu umene mumakonda n'kulonjeza logo khumi pofika mawa, ameneyo akukatola zopangidwa kale pa intaneti. Wabwino adzafuna kuona paketi, kulawa khofi ndi kudziwa ogula anu. Mugwirizane polemba kuti adzabweretsa maganizo angati, adzakonza kangati, ndiponso kuti mukamaliza kulipira umwini wonse wa logoyo ndi wanu, pakuti nkhani za umwini wa zojambula zili ndi lamulo lake, Copyright Act ya 2016, ndipo mgwirizano wapakamwa umavuta kuutsimikizira pakabuka mkangano. Akupatseni mafayilo a vector aja, ena a PNG opanda chakumbuyo, logo yakuda, yoyera ndi yamitundu, komanso tsamba limodzi lolembapo manambala a mitundu yanu m'CMYK ndi m'RGB, mayina a zilembo, ndi muyezo wochepetsetsa umene logoyo ingasindikizidwe. Tsamba limeneli muzilipereka kwa aliyense amene akukupangirani kanthu, ndipo mafayilowo muwasunge malo awiri, osati pa foni pokha. Mwana wanu uja musamutaye, pakuti waonetsa chidwi, ndipo atapatsidwa tsambalo angathe kumakukonzerani zithunzi za pa Facebook ndi pa WhatsApp motsatira maonekedwe amodzi. Mungomuchenjeza kuti zithunzi zopezeka kale mu Canva, pulogalamu yokonzera zithunzi pa foni ndi pa kompyuta, aliyense angathe kuzigwiritsa ntchito, ndipo malamulo a Canva salola kuzilembetsa ngati chizindikiro cha malonda.

Kulembetsako n'kofunika, ndipo ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Kulembetsa dzina la bizinesi sikuteteza logo kapena dzina la pa paketi. Chizindikiro cha malonda chimalembetsedwa pachokha motsatira Trademarks Act ya 2018, ku ofesi ya boma imene ambiri timaidziwa kuti kwa Registrar General, ndipo chitetezo chake chimakhala cha zaka 10 zimene mungathe kumawonjezera. Katundu amagawidwa m'magulu, ndipo khofi ali m'gulu 30, pomwe malo omwera khofi, ngati mudzatsegule, ali m'gulu 43. Musanalipire wojambula ndalama yomaliza, pemphani kuti afufuze ngati palibe wina analembetsa kale dzina lofanana ndi lanu m'gulu limenelo. Kachizindikiro ka ® kamayikidwa kulembetsa kukatheka basi. Mukadzayamba kutumiza khofi ku mayiko oyandikana nafe, dziko la Malawi lili m'bungwe la ARIPO, loona za kulembetsa zizindikiro za malonda ndi umwini wa luso mu Africa, limene likulu lake lili ku Harare, ndipo kudzera kumeneko mungathe kupempha chitetezo m'mayiko angapo nthawi imodzi.

Ndikudziwa kuti sitolo sidikira, ndipo ntchito yonseyi ingatenge mwezi kapena kupitirira. Musathamangitse wojambula chifukwa cha zimenezo, komanso musasindikize masitika ambiri a logo yakaleyo. Pa katundu woyamba, dinditsani chidindo cha dzina lokha m'zilembo zonenepa bwino, mumate lebulo yoyera yokhala ndi zonse zimene a MBS akufuna, ndipo mupereke mapaketi ochepa amene angathe m'milungu iwiri kapena itatu khofi asanataye fungo. Logo yatsopano ikadzatuluka, musinthe zonse sabata imodzi, paketi, chithunzi cha WhatsApp, buku la malisiti ndi epuloni, ndipo malo awiri ogona alendo aja muwapititsire nokha paketi yatsopanoyo kuti adziwe kuti khofi ndi yemwe uja. Chikwangwani cha mamita awiri chija chidikire mpaka mutakhala ndi khomo limene ogula angalowepo.